Limba la Atsibweni Lalowa M'kompyuta

Loweruka lina m'mwezi wa June, chifunga chitakwirira phiri la Kaning'ina ndipo kamvula kaja ka ku Mzuzu kakuwaza mosayang'ana kalendala, ndinalowa m'kachipinda kena ku Chibavi komwe mnyamata wina amajambulirako nyimbo. Ndikati situdiyo, awerengi, musaganize za nyumba ya magalasi ayi. Ndi chipinda chogona ndithu: matiresi anaimikidwa kukhoma kuti mawu asamabwerere, kudenga kunakhomedwa mathireyi a mazira, ndipo patebulo pali laputopu ndi kakiyibodi kopanda ndi sipika yomwe. Ine ndinapitira kukafunsa mitengo ya nyimbo za ukwati, poti nkhani zotere ndi zimene zimatidyetsa ife atolankhani opanda ofesi. Koma tili mkati mocheza, mnyamatayo anagwetsa zala pakiyibodi paja mongosewera, ndipo thupi langa lonse linachita tsembwe.

Mawu amene anatuluka ndinkawadziwa. Anali onenepa, ofunda, ngati belu lokutidwa m'bulangete, ndipo akamazirala ankagwedezeka pang'ono ngati madzi a m'ndowa imene mayi wangotula kumene. Ndinawamva komaliza ndili mwana ku Zolozolo, ndipo chinthu chimene chinkawatulutsa ndinachiona ndi maso angawa chikukwezedwa pa wilibala kupita kwa ogula zitsulo zakutha.

"Chimenechi wachitenga kuti, aise?" ndinafunsa.

"Ndi Rhodes imeneyo, bigi. Ili m'kompyutamu," anayankha akuyasamula, ngati akundiuza mtengo wa tomato.

Tsono ndiyambe ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi. Monga anyamata ambiri a ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay a masiku amenewo, iwo anapita ku migodi ya kopa ku Zambia nakakhala ku Kitwe zaka 14. Masana ankalemba katundu m'sitolo ya pamgodi, usiku ankayimba m'mabala ndi m'maholo. Pobwerera kuno mu 1983 anafika ndi mkazi, makina osokera, ndi chibokosi chakuda cha miyendo inayi yachitsulo, cholemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ana a m'layini mwathu tinkachitcha bokosi la maliro. Eniake ankangoti limba. Kutsogolo kwake kunali dzina lowala lakuti Rhodes, ndipo kwa zaka zambiri ine ndinkayesa kuti ndi katundu wa Cecil Rhodes uja wa Rhodesia, pakuti ndi Rhodes yekhayo amene aphunzitsi anatiuzapo.

Mawu oti limba sanabwere ndi magetsi. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kunali kale ulimba wa matabwa ndi zikho, ndipo amishoni atafika ndi chibokosi chawo chopopa ndi mapazi, dzina linali likudikira. Kuno kumpoto, kuyambira pamene Dr Robert Laws anakhazika Livingstonia pa Khondowe mu 1894, ana asukulu ankaphunzira do-re-mi pamodzi ndi masamu. Ku Embangweni, Donald Fraser ankalimbikitsa anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula kupeka nyimbo za Mulungu m'mayimbidwe a kwawo, zimene tikuziyimbabe m'buku la Sumu za Ukhristu. Kotero pamene Mzuzu ankabadwa mu 1947 ngati munda chabe wa mitengo ya tung, m'midzi yozungulira munali kale zala zodziwa makiyi oyera ndi akuda. Atsibweni anaphunzirira pa limba lotero la pamishoni, lotuluka mpweya m'mbali, limene umapopa thukuta kamukamu kuti vesi ithe.

Rhodes mwini limba anali munthu wina. Harold Rhodes, wa ku America, wobadwa mu 1910, anali mphunzitsi wa piyano. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali m'gulu la asilikali a ndege, ndipo anapatsidwa ntchito yosangalatsa ovulala m'zipatala. Munthu wogona chagada sungamubweretsere piyano pabedi. Iye anatola timapaipi ta aluminiyamu ta ndege za B-17 zowonongeka, natidula mosiyana utali, napanga kalimba kakang'ono ka makiyi 29 koika pamiyendo. Taganizani, abale: ndege yopangidwira kuponya mabomba inasanduka choyimbira cha anyamata oduka miyendo. Nkhondo itatha anapitiriza kusula maganizo akewo, ndipo mu 1959 anagwirizana ndi Leo Fender, mkulu wa magitala uja. Koma limba lathunthu la makiyi 73 linatuluka mu 1965, chaka chimene kampani ya CBS inagula Fender. Mu 1970 kunabwera mtundu wa miyendo inayi wopanda masipika akeake, wotchedwa Stage, ndipo ndi umenewu umene unadzagona pabalaza pathu ku Zolozolo.

Sanali yekha pamsika. A Wurlitzer anali atayamba kale mu 1954 ndi limba lawo lolira mopyapyala, limene Ray Charles anayimbira What'd I Say mu 1959. Koma la Rhodes ndilo linalowa m'nyumba za jazi. Miles Davis anamukhazika Herbie Hancock patsogolo pa limba limeneli mu 1968, ndipo Hancock wakhala akusimba yekha kuti poyamba analiyesa choseweretsa ana, mpaka pamene analigwira. Billy Preston analiyimba ndi a Beatles mu 1969. Stevie Wonder analisandutsa mawu ake achiwiri. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970, ngati unatsegula wailesi usiku nkumva nyimbo yachikondi yochokera kunja, mwayi unalipo waukulu kuti pansi pa mawu a woyimbayo pankayenda limba limeneli.

Tsiku limene atsibweni anandilola kusuzumira mkati silidzandichoka. Anatukula chivindikiro, ndipo ine ndinayembekeza kuona mawaya osokonekera ngati a m'wailesi. Ayi ndithu. Munali mzere wa tizitsulo 73, tina tatitali ngati sipoko ya njinga, tina tatifupi ngati mtengo wa machesi. Ukadina kiyi, kanyundo kamamenya kachitsulo, kachitsulo nkunjenjemera patsogolo pa kamaginito kokulungidwa ndi waya wa kopa, ndipo kunjenjemerako kumasanduka magetsi opita ku ampulifaya. Pa kachitsulo kalikonse pali kasipuling'i: ukakakankhira kunsonga mawu amatsika, ukakabweza kutsinde mawu amakwera. Basi. Ukaligwira monyengerera limalira ngati belu, ukalimenya mwaukali limachita ngati likuuwa, ndipo pakati pa belu ndi galu pamenepo ndi pamene pamagona luso lonse la woyimba.

"Ukuona chiyani?" anandifunsa.

"Kalimba," ndinatero, poti agogo anali nako kawo ka tizitsulo tosula.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi komweko, iwe. Kalimba kopita kusukulu. Ndipo waya ukuuonawo mwina ndi kopa wathu wa ku Kitwe, wangobwerera atavala suti."

Momwe analipezera ndi nkhani ya kugwa kwa kopa. Zaka zoyambirira za m'ma 1970 ku Copperbelt kunali ndalama, ndipo magulu ngati WITCH ya Jagari Chanda ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankadzaza maholo. Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dziko momwemo. Kenaka mtengo wa kopa unagwa kuyambira mu 1975, malamulo oletsa kuyenda usiku anabwera chifukwa cha nkhondo ya ku Rhodesia, ndipo magulu anayamba kugulitsa zida chimodzichimodzi. Atsibweni anagula lawo kwa gulu lina limene linatha chifukwa cha ngongole. Ati analipira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akazi awo sanawalankhule sabata yathunthu.

Chimene iwo sankadziwa, ali pa lole ndi chibokosi chawo kudutsa pa Lundazi, nchakuti chaka chomwecho cha 1983 ku Japan kunabadwa mdani wake. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Stanford, John Chowning, anatulukira mu 1967 kuti ukatenga funde limodzi la mawu nkuligwedeza mofulumira kwambiri ndi funde linzake, pamatuluka mawu achitsulo ngati a belu popanda chitsulo chilichonse. Makampani a ku America analibe nazo chidwi, koma a Yamaha anagula chilolezo. Zotsatira zake zinali kiyibodi yotchedwa DX7: makilogalamu 14 okha, mawu 32 okonzeka kale, yosafuna kuchunidwa, yosachita dzimbiri. Pa mawu 32 aja, a nambala 11 anali otsanzira limba la Rhodes. Kunena zoona sankafanana nalo kwenikweni. Anali owala mopitirira, ngati ukugogoda tambula ndi supuni. Koma dziko linawakonda koopsa. Mvetserani nyimbo zachikondi za Whitney Houston za m'ma 1980, mudzawapeza ali poyera. Pofika mu 1985 fakitale ya Rhodes inali itatseka, ndipo mu 1987 dzina lenilenilo linagulidwa ndi kampani ina ya ku Japan, Roland. Oyimba a kunja ankangotaya malimba awo olemera aja pa mtengo wa nkhuku.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife. Ambirife m'Malawi muno tinadziwa mwana tisanaone bambo. Mawu a tambula aja anatipeza kudzera ku Joni, m'makaseti a Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka, Chicco, Splash ndi Patricia Majalisa, amene ankalira m'mabasi, m'malo omwera chibuku ndi pa maukwati. Kenaka mu 1991 makampani opanga zida anagwirizana pa mndandanda umodzi wa mawu 128 wotchedwa General MIDI, kuti kiyibodi iliyonse, kaya yodula kaya yotchipa, iziyika mawu ofanana pa nambala zofanana. Nambala 5 anaikapo limba lamagetsi lakale, nambala 6 anaikapo lotsanzira lija. Ndiye tiziti ma Yamaha PSR ndi ma Casio amene anadzaza matchalitchi athu ankatsanzira chinthu chimene nachonso chinali chotsanzira. Chithunzi cha chithunzi. Ndipo pa chithunzi cha chithunzi chimenecho ife tinamangapo nyimbo za m'badwo wathunthu.

Musandimve molakwa, sindikunyoza. Ku Balaka, gulu la Alleluya limene linayamba mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici linabala Paul Banda, ndipo situdiyo yake ya Imbirani Yahwe inatsegula khomo limene kale linali lopapatiza. Nthawi ya chipani chimodzi, woyimba wofuna kumveka ankayenera kudzera ku MBC, nyumba yokhayo youlutsira mawu. Anthu atavotera zipani zambiri pa 14 June 1993, makaseti anasefukira, ndipo chimene chinatheketsa mnyamata wosauka kujambula chimbale chathunthu popanda kulipira anthu asanu ndi awiri chinali kiyibodi yokhala ndi ng'oma, besi ndi malipenga m'mimba mwake. Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, anatulutsa Son of a Poor Man mu 1994, ndipo pambuyo pake panadza a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro ndi ena ambiri amene makaseti awo ankagulidwa kwa O.G. Issa nkufalikira mpaka ku Chitipa.

Kuno kwathu tinali ndi Katawa Singers. Anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa mpingo wa CCAP wa Katawa, pofuna kupeza ndalama zomangira tchalitchi, ndipo mosayembekezera anapezeka akuyimbira dziko lonse. Ine ndinabadwa mu 1988, kotero kuti Lamulungu la ubwana wanga limanunkha sopo wa Lifebuoy ndipo limalira ngati kaseti ya Katawa. Atatero iwo, kwaya iliyonse kuyambira ku Chiputula mpaka ku Luwinga inayamba kusonkha ndalama za kiyibodi. Akuluampingo ena ankadandaula kuti zida za kubala zalowa m'nyumba ya Mulungu. Ena ankati achinyamata akuthawira ku mipingo yatsopano chifukwa cha zida zomwezo, bola tiwagulire. Ofuna kugula anapambana.

Atsibweni ndiye anagwa nayo nkhondo imeneyi, ngakhale sanali mbali iliyonse. Kwa zaka zoposa khumi limba lawo linkapita kutchalitchi pa mapewa a anyamata anayi. Koma Mzuzu si malo a chitsulo. Chinyezi cha kuno chimadya malata, chimadya njinga, ndipo chinayamba kudya tizitsulo tija. Kamodzi kanathyoka, ka kiyi yakuda ya pakati penipeni. Analembera kalata mnzawo wa ku Kitwe, yankho silinabwere. Anayesa kuikapo sipoko ya njinga, inangoti "thu" ngati wamenya mtondo. Ndiye anaphunzira kuidumpha kiyi imeneyo, nkumazungulira njira ina kuti nyimbo ifike. Makoswe nawo anapezamo nsalu zofewa zomangira chisa. Mu 1996 achinyamata a pampingo anabwera ndi kiyibodi yatsopano yogulidwa ku Tanzania, yopepuka moti mtsikana mmodzi ankaisenza pamutu. Ukadina batani limodzi, ng'oma zinkayamba zokha. Mkulu wina wa mpingo anafika kunyumba madzulo, chipewa chili m'manja, nati: "Dada, mwatitumikira nthawi yaitali. Tsopano pumulaniko." Atsibweni anayankha kuti yewo, nawaperekeza mpaka pamsewu. Usiku umenewo sanadye.

Limbalo linakhala pakona zaka zisanu, litafundidwa nsalu yoluka, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha ukwati. Ndiye kunadza njala ya 2002. Amene munaiona simufuna kukumbutsidwa. Mu February chaka chimenecho anthu ankagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, mipando, malata a padenga. Kunyumba kwathu kunali ana asanu ndi atatu, ena amasiye. M'mawa wina kunabwera anyamata awiri ndi wilibala ndi sikelo. Sanafunse kuti chinthucho chimalira bwanji, anangochiyeza kulemera. Ndalamazo zinagula chimanga cha masabata awiri. Asananyamuke, atsibweni anatenga sikuludiraiva nachotsa dzina lowala lija, naliika m'chitini momwe amasungamo makadi a ubatizo. Ine ndinali ndi zaka 14, ndipo ndinadya nsima imeneyo, ndinapemphanso yoonjezera.

Nanga chinthu chakufa chinalowa bwanji m'laputopu ya ku Chibavi? Pamene ife tinkataya, ena kunja anali atayamba kutola. Oyimba a soul, hip hop ndi house anatopa ndi mawu a tambula nayamba kusaka malimba akale m'magalaja. Mu 1996 kampani ya Steinberg ya ku Hamburg inatulutsa njira yotchedwa VST, yolola kuti tizipangizo ta situdiyo tikhale mapulogalamu a pakompyuta, ndipo mu 1999 inaonjezera kuti zoyimbira zenizeni nazonso zithe kulowamo. Kuchokera pamenepo anthu anatsata njira ziwiri.

Yoyamba ndi ya mlenje woleza mtima. Umatenga limba lenileni, nkulikonza bwinobwino, nkujambula kiyi iliyonse payokha: kuigwira pang'onopang'ono, kuonjezera mphamvu, kuonjezeranso, mpaka kuimenya kuti iuwe. Umajambulanso kaphokoso ka kiyi ikamabwerera, ndi kulira kwa chopondera. Zidutswa zikwizikwi zimenezi umazisanja kuti munthu akadina kiyibodi yake, kompyuta isankhe chidutswa choyenera m'kuphethira kwa diso. Pulogalamu ya Keyscape, imene a Spectrasonics anatulutsa mu 2016, inali ndi zoyimbira 36 ndipo inkadya magigabaiti 77 itangotuluka. Werengani nokha kuti ndi mabandulo angati a intaneti. Njira yachiwiri ndi ya katswiri wa masamu. Iyeyu sajambula kanthu. Amalemba malamulo a momwe nyundo imamenyera chitsulo, momwe chitsulo chimanjenjemerera, momwe maginito amamvera, ndipo kompyuta imawerengetsa mawuwo pomwepo pamene chala chagunda. Umu ndi momwe imagwirira ntchito Lounge Lizard, yochokera ku Montreal mu 2002. Mungathe kusuntha maginito osaoneka, kulimbitsa nyundo yosaoneka, ngakhale kulikalambitsa limba limene silinabadwe.

Harold Rhodes anabwezeredwa dzina lake mu 1997, namwalira mu 2000, zambiri mwa izi asanazione. Mu 2021 kampani ina ya ku Leeds ku England inayambanso kusula malimba enieni a dzina lake, pa mtengo woti mungaitanitsire galimoto ku Japan kudzera pa Dar es Salaam. Mu 2023 kampani yomweyo inatulutsanso pulogalamu yake ya pakompyuta, kuvomereza kuti ambiri a ife tidzalidziwa limbali ngati mzimu chabe. Ngakhale mdani uja DX7 naye anasanduka mzimu: pali pulogalamu yaulere yotchedwa Dexed imene imamutsanzira. Wopha ndi wophedwa akugona foda imodzi.

Ndinamufunsa mnyamata uja kuti mapulogalamu akewo anagula zingati. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa mtengo wa mpweya. Anakopera kwa mnzake wa ku Mchengautuwa, amene anakopera kwa wina wa ku Lilongwe, amene naye sakudziwa kumene zinachokera. Ndi mnyamata yemweyo amene theka la ola m'mbuyomo ankandilirira kuti anyamata a pamsika akugawa nyimbo zake m'mamemore khadi popanda kumupatsa kanthu, ndipo ankafunsa kuti a COSOMA, amene alipo kuyambira 1992, angamuthandize bwanji. Anyani amasekana zikundu. Komabe sindinathe kumuweruza kwambiri. Munthu amene amalandira ndalama ya nyimbo imodzi ya ukwati pa sabata, m'dziko limene madola amasowa ngati mano a nkhuku, mukamuuza kuti alipire madola mazana angapo ndiye kuti mwamuuza kuti asiye kuyimba.

Chimene chinandiwawa ine ndi china. Ndinamupempha kuti andionetse zonse zimene zili m'laputopumo. Munali malimba a Rhodes a mitundu ingapo, a Wurlitzer, piyano za ku Germany, magitala a ku Spain, ng'oma za ku India. Munali chibesi chogunda chija cha amapiano, chimene anyamata a ku Pretoria ndi Johannesburg anachifukula m'pulogalamu ya FL Studio ya ku Belgium nachisandutsa chawochawo, moti lero dziko lonse likuchivinira. Ndinati, ndiyimbire bangwe. Munalibe. Kaligo? Munalibe. Ng'oma za vimbuza, gule amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, amene amavinidwa mtunda wa ola limodzi kuchoka pa chipinda chimenecho? Munalibe. Kalimba yekha ndiye analimo, pa nambala 109 ya mndandanda uja wa 1991, wolira moyera ngati sanagwiridwepo ndi chala cha munthu wolima.

Anthu a kunja anawononga zaka akujambula dzimbiri la limba lawo, kiyi ndi kiyi, kuti lisafe. Zathu ambiri anatijambulira ndi Hugh Tracey, amene anayenda m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ake. Zojambula zakezo zimasungidwa ku South Africa, mu mzinda wa Makhanda umene kale unkatchedwa Grahamstown, pa yunivesite yotchedwa Rhodes. Eya, Rhodes uja wa aphunzitsi athu. Malemu Wambali Mkandawire, mwana wa ku Mlowe amene anakhala nafe mu mzinda uno ndipo anatisiya mu January 2021, anaonetsa ndi chimbale cha Zani Muwone mu 2002 kuti mayimbidwe a kumpoto angathe kuima pabwalo lililonse la jazi osachita manyazi. Anyamata a Body, Mind and Soul anayendanso njira yomweyo kuchokera muno mu Mzuzu mpaka ku Ulaya. Koma chimbale ndi chimbale. Mnyamata wa ku Chibavi safuna chimbale, akufuna chida choti adine usiku ndi mahedifoni anthu atagona. Maikolofoni ali nayo, luso lojambula ali nalo, ndipo agogo odziwa bangwe sanathe onse. Ndinamuuza zimenezi. Anati aganizira, koma anandifunsa kuti adzagula ndani.

Sabata yotsatira ndinapita ku Zolozolo kukawatenga atsibweni. Zaka zawo zikuyandikira 80, khutu lakumanzere linatseka, ndipo mawondo salola mtunda. Poyamba anakana. Ati zinthu za makompyuta nza ana. Nditawauza kuti limba lawo ndalipeza, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analowa kuchipinda nkutuluka atavala jekete. Tinakwera njinga za sakaramento mpaka ku Chibavi, iwo patsogolo, ine pambuyo, ndikuona jekete ikuuluzika.

Mnyamata uja anawalandira ndi manja awiri nawapatsa mpando wake. Pagalasi la laputopu panali chithunzi cha chibokosi chakuda, dzina lowala lili pamalo pake. Atsibweni anavala magalasi nachiyang'anitsitsa. Kenaka anagwira kakiyibodi kapulasitiki kaja, nadina kiyi imodzi, naisiya ilire mpaka kuzirala.

"Makiyiwa ngopepuka," anatero. "Ngati ukugwira mapepala."

"Ndingathe kuwasintha kuti azimva mphamvu, agogo," anatero mnyamatayo, nayamba kutembenuza timabatani ta pagalasi.

"Ndipo silikugunda m'mawondo. Langa linkagunda m'mawondo."

Pa ichi mnyamatayo analibe batani. Anangokweza masipika. Pofuna kuwasangalatsa, anasintha mawu nkuika a tambula aja a nambala 11. Atsibweni anachotsa manja msangamsanga ngati agwira mbaula. "Ameneyo ndi amene anandichotsa ntchito. Mubwezereni komwe mwamutenga." Koma panja, mayi ake a mnyamatayo, amene ankachapa pakhonde, anasuzumira pawindo nati: "Iii, bwanji mwazimitsa? Yomweyo ndiye yokoma, ya kutchalitchi!" Tonse tinaseka, atsibweni omwe.

Atabwezeretsa mawu akale aja, anakhala chete kanthawi, akupukuta zala pa thalauza. Ndiye anayamba. Inali nyimbo ya mu Sumu, imene ankayimba anthu akamalowa m'tchalitchi, koma dzanja lamanzere linkayenda mwa ku Kitwe, monyang'wa pang'ono, monga ankachitira akuluampingo akayang'ana kumbali. Zala zinali zolimba, zinkaphonya apa ndi apo. Mnyamata uja anadina batani lofiira mwakachetechete kuti ajambule, ndipo pagalasi panayamba kuoneka timizere tobiriwira, kiyi iliyonse ndi kamzere kake.

Atamaliza, mnyamatayo anayang'ana timizere tija nakwinya nkhope. "Agogo, pali kiyi imodzi yakuda pakatipa imene simunaigunde ngakhale kamodzi. Nyimbo ikafika pamenepo mukumazungulira. Ndi sitayilo?"

Atsibweni anaweramira pakiyibodi. Anaipeza kiyiyo, natambasula chala chapakati, nachiimika pamwamba pake osaigunda.

"Imeneyi ikulira?"

"Zonse zikulira, agogo."

Anaidina. Inalira. Anaidinanso kachiwiri, mwamphamvu, mpaka inauwa. Kenaka anatembenukira kwa ine, nandiuza kuti ndikawauze a sakaramento aja kuti asatidikire, ndipo anamufunsa mnyamatayo ngati batire ya laputopu ingapirire magetsi akathima.